Pa Belo, Osati ndi Belo

Omvera, ino ndi nthawi ya zilengezo zanu, lero Lolemba. Amene muli pafupi ndi wailesi muuzeko amene ali panja.

Mayi ogulitsa tomato pageti la msika, odziwika kuti amake a Wilibala, akudziwitsa abale ndi abwenzi, makamaka alongo awo a kunjanji ndi asewere awo a kuseri kwa tchalitchi, kuti mwana wawo Wilibala, wonyamula katundu pawilibala mumsika uja, amene anagwidwa pa nkhani ya belo la zovala losowa m'sitolo, watuluka kupolisi ndi belo. Mlandu ulowa m'khoti sabata yamawa. Akuthokoza alongo awowo pomuimira mwanayo. Ofuna kudzamuona abwere, koma asabwere ndi mafunso, mayiwa atopa. Chilengezochi chachokera kwa amake a Wilibala.

Lero Lachiwiri tiyamba ndi msonkhano.

Wapampando wa komiti ya chitetezo cha m'dera akuitana abambo ndi anyamata onse kuti akumane lero madzulo pabwalo la kuseri kwa chigayo. Nkhani ndi imodzi: akuba amene amaperekedwa kupolisi pakhomo la kutsogolo, iwo n'kutulukira la kumbuyo. Akuti dzulo anthu anadzimvera okha pawailesi ino kuti wina watuluka ndi belo lomwe. Mawu awo ndi akuti, "Ngati ayamba kuwabwezera ndi katundu yemwe, tiziweruza tokha." Aliyense abwere ndi wenzulo. Amayi ndi ana atsale kunyumba. Chilengezochi chachokera kwa wapampando wa komiti.

Bambo omata matayala pansi pa mtengo wa pasiteji akudziwitsa anthu kuti matayala awo akutha, aja amakhalirapo makasitomala, asowa. Chasowanso chigubu cha petulo. Akuti matayalawo sangalowe pa galimoto iliyonse, ndipo n'chifukwa chake mtima suli m'malo. Amene watenga abweze, sadzafunsidwa kanthu. Chilengezochi chachokera kwa bambo omata matayala.

Omvera, lero Lachitatu. Mayi aja afika okha kuno, ndipo akana kudzuka pabenchi ya panja mpaka tiwerenge ichi monga momwe anenera.

Amake a Wilibala akudziwitsa anthu onse, ogontha ndi odzigonthetsa omwe, kuti mwana wawo anatuluka pa belo, osati ndi belo. Kamawu kamodziko kanalakwika Lolemba, kaya ndi iwo ponena, kaya ndi wolemba, alibe mphamvu zolimbirana zimenezo. Akuti belo la zovala amasenza pamutu. Za kukhotizi sasenza. Ndi lonjezo chabe loti munthu azigona kwawo podikira tsiku la mlandu. Mwanayo anatuluka ndi nsabwe basi, ndi patapata mmodzi.

Akuti sakunena kuti anaba, sakunenanso kuti sanabe. Iwo panalibe, anali ndi tomato wawo. Kwa wapampando akuti, "Achimwene, malata a nyumba yanuyo anakusenzerani ndi mwana yemweyu. Ngati anaba, akam'mange, ine ndizikamuona Lamlungu. Woweruza akalakwa timakadandaula. Nanga moto tikaudandaulire kuti?"

Akudziwitsanso abale kuti Wilibalayo wasowa. Anatulukira pawindo dzulo atamva mawenzulo, n'kusiya mkazi wake ndi khanda m'nyumba. Mmene amaonekera ndi zimene anavala, mayiwa akana kunena. Akuti omufuna achuluka kale.

Kwa mwini wakeyo, ngati akumva, uthenga ndi uwu: "Iwe, usabwere kunyumba. Usathawirenso kutali, amalume ako angamangidwe m'malo mwako, ndipo anthu anena kuti wathawa chifukwa unabadi. Pita kumene unkabisala ukaswa mbale uli mwana. Ukakhale phee. Ndikupeza." Chilengezochi chachokera kwa amake a Wilibala.

Lero Lachisanu tili ndi chimodzi chokha pa nkhaniyi.

Amake a Wilibala akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti mwana wawo wapezeka, ndipo ali moyo. Anakamutenga okha dzulo masana. Anamufunditsa nsalu yawo kuyambira kumutu, namuuza kuti awerame ngati gogo wodwala, chimunthu chonse chija. Njira ya kupolisi ndi imodzi, yodutsa pasiteji. Pamenepo panali anyamata a mawenzulo, ndipo mmodzi anafunsa, "Amayi, odwalawo ndani?" Iwo anati, "Ndi azakhali, akutsokomola magazi. Ufuna uwagwire?" Anyamata anapatuka. Akuti mpaka pano sakudziwa kuti anadutsapo bwanji, poti mapazi a mwanayo ankaonekera kunsi kwa nsalu.

Kupolisi anapeza alongo awo akudikira kale monga anapangana, kuti anene kuti asiya kumuimira, lamulo lilole kumutsekeranso. Wapolisi wa pakauntala anaseka, amvekere, "Mayi, anzanu amalirira kuti ana awo atuluke, inu mukulirira kuti alowe?" Iwo anayankha kuti m'chitokosi muli nsikidzi, inde, koma mulibe machesi.

Kwa mpongozi wawo akuti abereke khandalo akayambe wakhala kwa makolo ake, ndipo wilibala ili pakhonde ija ailowetse m'nyumba. Kwa makasitomala akuti tomato akhalapo mawa monga mwa masiku onse, koma wofunsa za mlandu sagulitsidwa. Kwa abale akuti wina asayerekeze kukamuimiranso mwanayo, ngakhale chifundo chitamugwira chotani.

Kwa bambo omata matayala akuti matayala aja akabwezedwa, onse, pamodzi ndi chigubu, adzalengeze pawailesi pompano. Mayiwa azimvetsera tsiku ndi tsiku. Kufikira atamva zimenezo, akuti mwana wawo ali pabwino, loko wa pachitokosi ndi wamkulu, ndipo usiku wathawu iwo agonako tulo.

Chilengezochi chachokera kwa amake a Wilibala, pageti la msika.