Mvuu Yopanda Kamwa

Aulutsi, ndine mayi wa kwa Mwambo, ndimaphunzitsa Sande sukulu. Lamulungu lina ndinauza ana kuti mvuu sinangopezeka yokha m'Chilwa, anailenga ndi Mulungu, ndipo ntchito ya manja ake ilibe cholakwika. Ndinawagawira dongo kuti aliyense aumbe mvuu. Ndinaiwaliratu kuti pagulupo panali mtsikana amene bambo ake anaphedwa ndi mvuu akulondera mpunga.

Iye anaumba yopanda kamwa. Nditamufunsa, anati, "Amayi, Mulungu akanaiumba chonchi, ababa bwenzi alipo."

Chichokereni tsiku limenelo sanapondenso kutchalitchi. Ndapita kwawo katatu, amangondithawa. Kamvuu kakeko ndinakaika pawindo, kachita kung'aluka ndi dzuwa, koma yankho sindinalipezebe. Omvera anzanga, mwana ameneyu ndikamuuze chiyani?