Kaseti Yachitatu ya Achimwene Anga

Chaka chija boma linasintha, matipati atangoyamba kumene, inu nonse musanabadwe n'komwe, kuno ku Chisepo kunalibe munthu wosadziwa bandi yathu. Manja asaime ndi fodyayo, ana inu, pitirizani kusankha, ine ndikungofuna makutu. Ineyo Gelesomu, amene mumandiseka kuti ndimanjenjemera manja, ndinali womenya ng'oma, ndipo achimwene anga a Lefasoni ndiwo ankaimba gitala yamagetsi n'kumatsogolera nyimbo. Tinkaimba zija ankati roko, zaphokoso, zothamanga, ndipo makaseti athu awiri oyamba ankalira m'maminibasi kuchokera ku Dowa mpaka kumapiri a Ntchisi, moti ngakhale amvano ankagwedezera mutu mobisa.

Koma achimwenewo anali atakhalapo kundende zaka zitatu nthawi ya chipani chimodzi, osazengedwa mlandu, ndipo chitulukireni sanauzepo munthu za kumeneko, ngakhale amayi athu. Tsono tsiku loyamba kukonzekera kaseti yachitatu, anatulukira ndi khasu ndi mbale yachitsulo yofumbwa.

"Gelesomu, ng'oma zakozo ika pambali," anatero. "Tenga khasuli uzimenya pansi pang'onopang'ono, ngati munthu amene walima chiyambire m'mawa osalawa kanthu."

"Achimwene, dziko lamasuka, anthu akufuna kuvina. Inu mukuwapatsanso khasu?"

"Avina mokwanira. Amvereko."

Gitala ija anaimasula nsambo kuti izilirira pansi ngati bangwe, mbale ija ankaigogoda ndi supuni, ndipo nyimbo imodzi yokha inadzaza mbali yonse yachiwiri ya kaseti, yopanda poyambira kuvina, yopanda kolasi yoti n'kuimbira limodzi. Ine khasulo ndinamenya, inde, koma mtima uli tsidya lina, ndipo mawu ake sindinawamvere n'komwe chifukwa cha mkwiyo.

Kasetiyo itatuluka, anthu ankathamangira kugolosale kukagula mabatire atsopano poganiza kuti wailesi ikukoka. Ataona kuti vuto si mabatire, anabweza makasetiwo kwa ogulitsa, ndipo ochepa omwe tinapanga aja anangobalalika. Kumsika wa Mtengowanthenga anyamata ankatikuwa kuti, "A bandi ya makasu, mukalima kwa ndani lero?" Ine ndinachita manyazi, ndipo pamaso pa anzathu onse ndinawauza achimwene kuti atiphera bandi. Iwo anangondipatsa kaseti yawo yomwe anasunga n'kunena kuti, "Usunge, udzaimva ukakula." Munthu wa ana awiri, ati ukakula! Bandi inathera pomwepo.

Apa mvetserani bwino, poti inu a mafoni simukuzidziwa izi. Kaseti inali ndi kachotsekera kakang'ono pamwamba, ndipo ukakathyola pamatsala kabowo, wailesi n'kumakana kujambulapo zina. Achimwene anakathyola dala. Koma mlamu wanga akukwatira, tinasowa kaseti yopanda kanthu yoti tiikemo zovina, ndipo ine ndi manja anga omwewa ndinamata selotepi pa kabowo paja n'kujambulapo nyimbo za ukwati mbali zonse ziwiri. Anthu anavina mpaka fumbi koboo, inenso ndinavina nawo.

Mvula inagwa kawiri, achimwene anadwala n'kutisiya. Titasesa maliro ndinalakalaka mawu awo, ndipo makaseti awiri otchuka aja sanandithandize, chifukwa m'menemo ankangokuwa ngati woimba wina aliyense. Ndinatenga ya selotepi ija, ndikudziwa ndithu zomwe ndinachita, n'kuisiya izilira zovinazo mpaka kumapeto. Nyimbo yomaliza ya ukwati itatha panali zii, kenaka ndinamva khasu. Zovina zija sizinadzaze mbali yachiwiri, panatsala mphindi ngati ziwiri.

Ana inu, m'mphindi ziwirizo achimwene akutchula mayina a anthu, limodzilimodzi, dzina lililonse pamene khasu lagwa, gitala ikulirira pansi. Anali anzawo a kundende amene sanabwerereko. Apo m'pamene ndinazindikira kuti zonse zomwe sanatiuze anaziika m'kaseti ija, ndipo ine ndinafafaniza kuti anthu avine. Chakumapeto kwenikweni amatsokomola, n'kuseka pang'ono, n'kunena kuti, "Gelesomu, wafulumira, bwerera pang'ono." Sanazichotse, anazisiya momwemo.

Ndinayenda pa njinga kufunafuna kaseti ina yachitatuyo, Dowa yonse mpaka kuseri kwa phiri la Ntchisi, koma ena anajambulaponso ngati ine, ndipo ena anasolola tepi n'kuimangirira m'madimba kuti iziingitsa mbalame. Nyimbo za m'makaseti awiri oyamba aja zilipobe, mukhoza kuzivina lero, koma aliyense wodziwa gitala akanatha kuziimba. Nyimbo ya khasuyi akanaimba ndi achimwene okha basi, ndipo ndimailakalaka tsiku lililonse, mtima kuwawa, chifukwa sindikudziwa zomwe ananena kumayambiriro kwake pamene ine ndinali pambali pawo ndi khasu m'manja.

Masiku ano ndimakuonani, nyimbo ikangoyamba mosazolowereka chala chathamanga kale kudumphira ina, ngati mukuthamangitsidwa. Sindikukudzudzulani ayi, inenso ndinali choncho, mwina kuposa inu. Ndikungopempha kuti munthu amene mumamukonda akabwera ndi chinthu chachilendo, kaya nyimbo kaya nkhani, mukhale naye pansi mumve mpaka kumapeto, ndipo mukapanda kumvetsa musataye, sungani. Ine ndinatsala ndi mphindi ziwiri zokha, ndipo ndikaiika kaseti ija, achimwene amandiuzabe kuti ndafulumira.