Sabuwufa Yasuntha Pamalo Pake

— …ndiye ine ndimati ndingopukuta pansi pake basi. Halo? Ukundimva?

— Mwabwereranso, achemwali. Netiweki ya kuno ndi yamanyazi, dikirani ndituluke panja. Eya. Mwaswera bwanji kaye? Moni simunandipatse n'komwe.

— Ndaswera. Kaya iwe?

— Ndaswera bwino. Mphwanga uja ali bwanji?

— Ali bwino. Ndamusiya kwa aneba.

— Nanga alamu?

— Ali kuntchito. Aweruka faifi, ndipo pano hafu folo yakwana kale.

— Ndiye mumati mwapukuta chiyani?

— Mwana wataya mkaka pabalaza, wayenderera mpaka pansi pa chibokosi cha nyimbo chija. Chakuda chija, cha pakona.

— Sabuwufa.

— Chomwecho. Ndachikoka kuti ndikolope. Alamu ako anamata timatepi pansi posonyeza pomwe chimakhala. Timatepito tanyowa, tamatuka, tapita ndi chikolopa.

— Ndiye mwaimbira injiniya nkhani ya selotepi? Zaka zinayi za ku yunivesite zija zapeza ntchito lero.

— Usaseke iwe. Ndachibwezera pomwe ndikuganiza kuti chinali, ndayatsa, koma sizikumveka ngati kale. Ukaima pafupi ndi mpando wawo nyimbo ikumveka yopyapyala ngati ya pafoni. Ukapita kukolido, mawindo akunjenjemera.

— Imeneyo ndiye nkhani yokoma. Besi yathawa pampando, yakabisala kukolido. Kumbuyo kwa bokosilo munakhudzako?

— Ndinapukutako ndi kansalu. Kunali fumbi.

— Ndiye mwazunguza timabatani. Osadandaula, palibe chapsa. Akabwera alamu akonza okha, si zawo zomwe?

— Sakuyenera kudziwa. Anatha Loweruka ndi Lamulungu lonse akuchiika, akukwawa pansi ngati khanda kufunafuna pomwe chikumveka bwino. Atamaliza anatiitana tonse n'kunena kuti wochisuntha, ngakhale pang'ono chabe, adzamudziwa. Akafika savula n'komwe nsapato. Amakhala pampando paja n'kuika nyimbo yomweyomweyo.

— Chabwino, tiyambe ndi malo. Pansi palibe zizindikiro za miyendo yake?

— Ndakolopa, ndakuuza.

— Ukhondo wanuwo ndi umene watipha. Dikirani… Chithunzi chija munanditumizira, mphwanga atavala nsapato zanga, munajambulira pabalaza pomwepo. Musadule, ndichiyang'ane. Eya, bokosi likuoneka kumbuyo kwake. Pansi panu ndi pa matailosi, tingowerenga. Kuchokera kukhoma la windo, awiri athunthu. Kuchokera kukhoma linalo, imodzi ndi theka.

— Ine ndinaika atatu.

— Mwaona? Kankhani.

— Dikira. Ndikukankha ndi bondo, dzanja ili silikugwira bwino.

— Dzanja latani?

— Linangotupa. Ndafika pa awiri. Pitiriza.

— Suzumirani kumbuyo. Pali kabatani kokankhira uku ndi uku, mbali ina palembedwa ziro, mbali ina wani eyite. Kali kuti?

— Pa wani eyite.

— Ndikukayikira kameneko. Masipika awiri aatali aja ndi bokosili amayenera kukankha mpweya nthawi imodzi. Kabatani kakalakwika, amakhala ngati anthu okankha galimoto, ena kumbuyo, wina kutsogolo. Thukuta lili kamukamu, galimoto ili pomwepo. Yatsani nyimbo yawo ija, mukhale pampando wawo, mumvetsere. Kenako tikasinthe, mumvetserenso.

— Pampando paja sitikhalapo.

— Ngakhale eni ake kulibe?

— Amadziwa. Amati khushoni imatsika mwamtundu wina.

— Koma alamu anga ndiye anaphonya ntchito, akanakhala wapolisi. Chabwino, gwadani kumbuyo kwa mpando, mutu wanu ukhale pomwe pamakhala mutu wawo. Halo? Achemwali?

— Ndilipo. Ndimasuzumira pawindo, ndinamva galimoto. Ndi ya aneba.

— Mwasintha kabatani?

— Ndaika pa ziro. Dikira ndigwade… Yabwera. Besi yabwera, ndikuimva m'chifuwa.

— Ndiye mwati injiniya ndi wachabe.

— Koma sizinafanane. Mawu a woimbayo akumveka ngati akuchokera pakona, ngati munthu akuimbira mumgolo.

— Ndiye kozunguza kaja. Pali tiwiri. Kena kali ndi manambala, kuyambira fote mpaka thu handiredi. Kameneko kamagawa ntchito, kuti bokosi lilekeze apa, masipika ayambire apa. Kakakwera kwambiri, bokosi limalowerera nkhani zosalikhudza. Kali pati?

— Kumapeto kwenikweni.

— Kansalu kanu kanagwira ntchito. Bwezerani pa eyite. Anthu ambiri amasiya pamenepo.

— Nanga ngati iwo sanasiye pamenepo?

— Achemwali, khutu la munthu silingasiyanitse eyite ndi nainte.

— Lawo limasiyanitsa.

— Chabwino. Nanga kachiwiriko?

— Kalibe manambala. Kali ndi kamzere basi.

— Ka voliyumu. Pamenepo chithunzi sichitithandiza, tidalira makutu anu. Lamulo lake ndi lakuti bokosi likakhala bwino, silidziwika pomwe lili. Mutseke maso. Mukatha kuloza ndi chala kuti besi ikuchokera apo, lakwera, tsitsani. Mukamva nyimbo yopanda miyendo, latsika, kwezani pang'ono. Timafuna pakati, pomwe limasowa koma lilipo.

— Nthawi ili bwanji?

— Kwatsala mphindi teni kuti ikwane faifi. Tsekani maso.

— Ndatseka.

— Mukumva chiyani?

— Sindikudziwa. Ndikungomva mtima wanga.

— Pumani kaye. Tsitsani pang'ono, muyesenso.

— Ndatsitsa. Mwina ndi pamenepa. Mwina ayi. Zonse zikumveka chimodzimodzi tsopano. Ndikati ndizunguze pang'ono kakupitirira.

— Ndiye tisavutike. Akafika mungowauza zoona, kuti mwana anataya mkaka, inu mu…

— Ayi. Mwana asatchulidwe. N'chifukwa chake ndamuchotsa. Akafunsa ndinena kuti ndinataya ndine.

— Mkaka womwewo? Mwana wa zaka zitatu amataya mkaka, ndi ntchito yake.

— Iwe sudziwa. Mwezi watha rimoti inasowa. Anatiimika pabalaza ine ndi mwana, akuti tiima pomwepo mpaka wina akumbukire. Mwana anakodzera poimapo.

— Ndiye zinatha bwanji?

— Inapezeka. Inali m'thumba la jekete yawo.

— Sindikufunsa za rimoti.

— Tamvera, mayunitsi akutha. Ndikadula usaimbenso. Ndifufuta zoti ndinakuimbira, amayang'ana foni akabwera.

— Kuyambira liti? Paja munandiuza kuti foni yanu imazima yokha, n'chifukwa chake simuyankha madzulo.

— Amayi usawauze chilichonse. Shuga wawo uja akwera. Ukaonana nawo unene kuti tonse tili bwino.

— Ndikwera basi ndibwere. Ndidzanena kuti ndinadutsa masana, ndinaseweretsa ndine. Amadziwa kuti ndimakonda kugwiragwira zinthu, akhulupirira. Andikalipire ine.

— Iwe adzakusekerera, adzakuthirira tiyi, adzakuperekeza mpaka pageti. Ukadzapita ndidzatsala ndine. Usabwere.

— Ndiye tulukani inuyo. Pitani kwa aneba komwe kuli mwana, mukandidikire kumeneko.

— Akapeza m'nyumba mulibe munthu ndiye zinanso. Tandiuza msanga, kamzere kaja kakhale choongoka kapena chopendekera? Anthu ambiri amasiya pati?

— Choongoka, kuyang'ana kumwamba. Koma ndikungoganiza, achemwali, sindikudziwa ayi. Zisiyeni za bokosizo, mundimvere kaye.

— Ndaika choongoka. Ndizimitse nyimbo. Chikolopa chili pakhomo, ndikachibise, pansi sipanaume bwino. Mayo, ampu yoyendetsa masipika ija yatentha. Akaigwira adziwa kuti inayaka.

— Ikupizeni ndi katoni, izizira msanga. Ayi, dikirani, ndikunena chiyani ine? Achemwali, tamverani…

— Geti. Akutsegula geti. Afulumira lero.

— Musadule. Ikani foni m'thumba, isiyeni yoyaka, ndizimva.

— Sindingathe. Tsala bwino, mchimwene wanga. Wandithandiza.

— Achemwali, alamu amakumenyani?