Achule Abwerera Kumunsi kwa Fakitale

Pa siteji ya basi, mayi wonyamula dengu ankayang'anitsitsa jombo zobiriwira za bambo amene anaima pafupi naye.

"Bambo, mwaponda chiyani?"

"Ndere, mayi. Timaziweta m'madamu kufakitale ya majuwisi."

"Kuweta ndere? Anzanu akuweta nkhuku!"

"Zathuzi zimadya zonyansa za m'madzi otsukira zipatso. Madziwo akamatsikira kumtsinje amakhala atayera."

"Kani ndinu! Ine ndimakhala kumunsi kwa fakitaleyo. Kale tinkatseka mawindo chifukwa cha fungo. Pano tikutsekabe."

"Fungo likadalipo?"

"Fungo lake liti? Achule! Abwerera onse, ndi alamu awo omwe. Phokoso lake, wailesi osamveka."

"Pepanitu, mayi."

"Mukupepesa chiyani? Asiyeni alire. Mtsinje umene uja unakhala chete zaka zambiri."