Galimoto ya Mtundu wa Duwa la Mvunguti

Pa siteji ya minibasi ku Jumbe, a Bwezani analephera kudzigwira. Anaonetsa foni kwa nesi wachilendo amene anakhala nawo pabenchi.

"Taonani, sisita. Mwana wanga ku Lusaka waitanitsa galimoto yatsopano kunja, yodula zedi."

"Koma penti yofiirira chonchi sindinaionepo pamsewu."

"Simungaione! Ndi mtundu wa maluwa a mvunguti wa pakhomo pathu. Ndinamutumizira chithunzi, ndiye kufakitaleko akumusakanizira yakeyake."

"Ameneyo wapukwa kumudzi. Abwera nayo liti?"

"Chipitireni sanapondeko kuno. Akuti minga ya m'njira yathu ya ku Kakumbi ingakande penti."

"Aa, pepani atate."

"Musapepese ayi. Chikwanje ndinanola kale. Ndayambira kumsewu waukulu, ndikudula kulowera kunyumba."