Tsiku Lodzayendera Denga

Aliyense wopempha thandizo achenjere ndi anthu awiri: wokonda ulemu kuposa nzeru, ndi wokonda malamulo kuposa zonse ziwirizo. Ku holo yathu ya okalamba ya ku Poplar Bend tinali nawo onse awiri, ndipo anagundana m'mawa wa Lachinayi limene mlendo wa bungwe lopereka thandizo la ku Winnipeg ankayembekezeka 2 koloko masana kudzaona ngati denga lathu likuyeneradi madola 18,000, pakuti woyendera nyumba anali atalamula kale kuti popanda denga latsopano holoyo itsekedwa chisanu chisanabwerenso, ndipo chakudya cha okalamba cha Lachinayi lililonse chithera pomwepo.

A Wendell Penner, mlembi wa komiti, amene anayeza tirigu pasikelo kwa zaka makumi atatu, analowa atakumbatira kope limene anabwera nalo ku maphunziro a kapemphedwe ka thandizo. Anapeza wapampando, mayi Lorraine Sawchuk, akuyala nsalu zoyera pamatebulo.

"Ndowa zili kuti?" anafunsa a Wendell.

"Mwadzuka bwanji, a Wendell? Vulani nsapatozo, ndakolopa."

"Ndadzuka. Ndowa zili kuti?"

"Ndowa ziti?"

"Zinayi. Ya pakhomo, ya pafupi ndi piyano, ndi ziwiri za kukhitchini."

"Zili panja. Ndaikamo maluwa."

"Maluwa! Nanga madzi akudonthera pati?"

"Sakudontha. Mlamu wanga Gord anakwera dzulo n'kumata phula."

A Wendell anafufuza mpando ndi dzanja n'kukhala pang'onopang'ono ngati munthu amene wangolandira uthenga wa maliro.

"Mwakonza denga."

"Kumata chabe. Gord akuti lipirira mpaka Loweruka."

"Chaka chonse lakhala likutidonthera m'supu, ndipo tsiku limodzi lokha limene likufunika kudontha, inu mwalitseka pakamwa!"

"Kukubwera mlendo, a Wendell. Mufuna anyowe?"

"Eya! Anyowe! Wanyamuka ku Winnipeg kuti adzanyowe!"

"Pano sanyowa. Ndili wapampando ine."

A Wendell anatsegula kope, nanyambita chala.

"Tsamba lachitatu. Mphunzitsi anati: 'Onetsani vuto lanu poyera.' Ndinalemba ndi dzanja langali, ndipo ndinadula mzere kunsi."

"Mphunzitsi wanuyo anayamba walandirapo mlendo kwawo?"

"Sananene. Sitinafike pamutu umenewo."

"Ndinadziwa."

Pamenepo a Wendell anakweza maso kusiling'i, ndipo kukamwa kwawo kunatseguka.

"Mawanga! Mawanga aja apita kuti?"

"Penti. Kawiri. Mukuona kuyera kwake?"

"Anali khumi ndi limodzi! Ndinawayeza limodzilimodzi! Lalikulu lija, lokhala ngati mutu wa ng'ombe, ndinalijambula n'kutumiza chithunzi!"

"Ndiye waliona kale. Adzaonerenji kawiri chinthu chonyansa?"

"Kudzatsimikiza! Fomu yathu yopemphera thandizo ikuti mawanga khumi ndi limodzi, siling'i ikuti palibe. Wabodza ndani pamenepa? Ine!"

"Muzingomuuza kuti analipo."

"Tsamba lachinayi: 'Musafotokoze, onetsani.'"

"Koma abale, kope limeneli!"

"Nanga zenera la katoni lija?"

"Gord yemweyo. Wabwereka galasi la pa khola la nkhuku la kwawo. Tibweza mawa."

"Kalanga ine! Katoniyo mwaitaya?"

"Ndaotcha."

"Inali umboni!"

"Inali katoni ya mazira, a Wendell."

Owerenga adziwe kuti kubisa matenda si ukhondo, ndipo wodwala amene avalira dokotala suti amabwerera kwawo wopanda mankhwala. Koma mayi Lorraine anali asanamalize.

"Sunthani mwendo, ndidutse ndi mapotowa."

"Muli chiyani?"

"Maperogi mazana atatu, timitanda tophika tija toika zinthu m'kati. A mbatata ndi tchizi. Soseji ili mu uvuni, ma payi asanu ndi limodzi ali pashelefu."

"Mazana atatu! Ndinalemba kuti timapereka supu ndi buledi, ndipo nthawi zina supu imachepa!"

"Lero siichepa."

"Iyenera kuchepa!"

"Ndimwetse mlendo madzi a kabichi? Amayi anga angatembenuke m'manda."

"Amayi anu sali pa fomu."

"Pakamwa apo, a Wendell. Anakudyetsani inu muli ndi mamina."

"Zoona. Anandidyetsa. Koma pa fomu palibe."

Mayi Lorraine anatsitsa poto mwamphamvu, chivundikiro n'kudumpha.

"Ndipo musayambe za nkhope yanu yamaliroyo okalamba akafika. Ndawaimbira foni onse. Abwera atavala za kutchalitchi. A Stefan abweretsa akodiyoni."

"Akodiyoni yachiyani?"

"Yovinira. Mwina mumadyera?"

"Kuvina! Mayi inu, ndinalemba kuti okalamba athu ndi osungulumwa! Ndime yonse! Mphunzitsi anaiwerenga pamaso pa kalasi, mayi wina wa ku Brandon mpaka anatulutsa kansalu kopukutira misozi!"

"Amasungulumwa masiku enawo. Lachinayi sasungulumwa. Ntchito ya holo ino ndi imeneyo."

"Ndiye lero asungulumweko pang'ono. Ola limodzi basi. Akhale motalikirana, aziyang'ana pazenera."

"Muwauze nokha a Stefan kuti ayang'ane pazenera."

"Ndingathe kuwapempha aimbe nyimbo yachisoni."

"Amadziwa nyimbo imodzi yokha, ndipo ndi ya paukwati."

A Wendell anavula magalasi, nawapukuta ndi tayi, nawavalanso. Holo inali ikadali yowala.

"Kaphukusi kali pakhomopo n'kachiyani?"

"Ka mlendo. Maperogi makumi awiri ndi botolo la jamu. Akadye panjira."

"Tsamba lachisanu ndi chiwiri! Mphatso kwa woyendera n'zoletsedwa! Chimenecho ndi chiphuphu!"

"Jamu wanga chiphuphu?"

"Malinga ndi kope, inde."

"Munthu ayende maola atatu, abwerere chimanjamanja? Anthu akamva ati chiyani?"

"Ati Poplar Bend ilibe kanthu. Ndiye zimene tikufunazo!"

"Zimene mukufuna inu. Ine sindinabadwire kuonetsa zigamba."

"Koma tikupempha, a Lorraine! Wopempha amaonetsa zigamba!"

"Sitikupempha. Tikuwapatsa mwayi wothandiza anthu aulemu wawo."

"Mawu amenewo pa fomu palibe malo ake."

"Lembani m'mphepete."

"M'mphepete analetsa."

Kenako a Wendell anausa moyo, natulutsa cholembera m'thumba la malaya, natsegula tsamba loyera.

"Mukulembanso chiyani?" anafunsa mayi Lorraine.

"Kalata yokonza zolakwika. Tsamba lachisanu ndi chinayi likuti zinthu zikasintha, dziwitsani bungwe msanga." Anawerenga akulemba. "'Okondedwa akuluakulu, denga lathu silikudontha, okalamba athu akuvina, ndipo chakudya chatichulukira. Chonde ndalamazo zipite kwa otsatira pamndandanda.'"

"Musachite zachibwana. Otsatira ake ati?"

"Holo ya ku Stony Ford. Tatsala awiri. Mlendoyu akachoka pano apita kumeneko 4 koloko."

Nsalu imene inali m'manja mwa mayi Lorraine inaima m'malere.

"Stony Ford ya Marlys Klassen?"

"Yomweyo. Tinakhala benchi limodzi kumaphunziro. Munthu wakhama. Anadzaza makope awiri."

"Marlys amene anatilanda chikho cha ma payi ndi payi wogula kusitolo?"

"Zimenezo sizinatsimikizidwe."

"Ndinaona chizindikiro cha mtengo kunsi kwa mbale! Iyeyo akupempha chiyani?"

"Denga."

"Denga! Lawo lija n'labwinobwino!"

"Akuti ali ndi ndowa zisanu ndi ziwiri."

"Zisanu ndi ziwiri! Bodza! Ndinali komweko pamaliro a amuna a mnzanga Edna, mvula ikugwa. Ndinawerenga ziwiri, ndipo imodzi inali ya zinyalala!"

"Mwina zawonjezeka. Akutinso muli mileme."

"Mileme! Waigula kuti?"

"Sananene. Koma wati mlendo amupatsa tiyi wopanda shuga, m'kapu yothyoka chogwirira."

"Ha! Mkazi wochenjera ngati njoka! Ali ndi makapu a golide m'kabati, ndinamwerapo ine!"

Mayi Lorraine anazungulira tebulo kawiri, manja m'chiuno. Kenako anasolola nsalu yoyera ija kamodzi n'kamodzi, masupuni n'kumwazika pansi.

"Tengani ndowa."

"Muli maluwa."

"Khuthulani! Zinayi zija, ndi ya mopu, ndi mapoto awiri aakuluwo, ndi beseni la m'bafa. Zingati pamenepo?"

"Zisanu ndi zitatu. Koma ndinalemba zinayi."

"Vuto lakula usiku."

"Silinakule. Lachepa. Mwanena nokha kuti Gord..."

"Gord sadziwa kumata! Khofi wa mlendo ali kuti?"

Anatenga ketulo ya khofi, nakwera pampando, nayamba kuwaza kusiling'i ndi chikho.

"Imani kaye! Limodzi, awiri, atatu... lija la mutu wa ng'ombe linali chakumanzere!"

"Ng'ombe imayenda."

"Khumi, khumi ndi limodzi. Basi! Akwana! Mayi inu, limenelo ndi lakhumi ndi chiwiri!"

"Pukutani ngati likukuwawani."

"Likundidonthera pakope!"

"Mwaona? Denga likudontha. Lembani."

"Ndi khofi!"

"Madzi a padenga lakale amada choncho. Maperogi aja kabiseni m'galimoto mwanu. Supu ithireni madzi mpaka kabichi azisambira yekhayekha."

"Nanga okalamba adya chiyani?"

"Adya mlendo akapita. Muimbire a Stefan asiye akodiyoni kunyumba, abwere ndi ndodo yoyendera."

"A Stefan sayendera ndodo."

"Aphunzira panjira. Mayi Olga akhale pakona azitsokomola."

"Sakudwala!"

"Amatsokomola bwino kutchalitchi ulaliki ukatalika. Nanga mileme tingaipeze kuti msanga?"

"Kulibe! Ndipo ngakhale ikanakhalapo, pa fomu sindinalembe mileme!"

"Nkhunda za kunkhokwe ya tirigu zija bwanji? Ziwiri zokha."

"A Lorraine, mverani. Tsamba loyamba lenileni, zilembo zikuluzikulu: 'Musaname.' Ine ndimangofuna zinthu zibwerere mmene zinalili. Ndowa zinayi. Mawanga khumi ndi limodzi. Katoni imodzi."

"Katoni! Mwandikumbutsa."

Anatsika pampando, natenga mopu, nalunjika pazenera.

"Galasi limenelo ndi la nkhuku za Gord!"

"Zipirira. Zili ndi nthenga."

A Wendell anathamanga n'kuima kutsogolo kwa zenera, manja ali tambasu, kope lili kukamwa. Mayi Lorraine anawayang'ana, nayang'ana mopu, kenako nakweza maso kusiling'i pamwamba pa piyano, pamene pulasitala anali wofewa chiyambire chaka chatha. Apa ndi pamene munthu wanzeru amaima. Koma mpikisano ukalowa m'mutima, nzeru zimatulukira pakhomo lakumbuyo.

Anabaya kamodzi. Fumbi linagwa. Anabaya kachiwiri, ndipo chibenthu chachikulu ngati thireyi chinagwera pa piyano, piyanoyo n'kulira yokha.

"Mayo ine!" anafuula a Wendell, kope n'kugwa. "Bowo limenelo mulibe m'fomu! Ndilifotokoza bwanji?"

"Musafotokoze. Muonetse."

"Mwawononga katundu wa bungwe! Zimenezi ndiyenera kuzilemba m'maminitsi!"

"Lembani kuti wapampando anayendera denga."

Panja panamveka galimoto ikuponda miyala ya pabwalo. A Wendell anasuzumira pazenera, nkhope n'kuyera ngati pulasitala uja.

"Wafika! Wafulumira, 2 koloko ikadali kutali! Taonani holo mmene ilili, a Lorraine! Khofi pansi, fumbi pa piyano, masupuni paliponse! Munthu wa ku Winnipeg alowe muno? Tsache lili kuti? Ndipatseni tsache, ndisese pakhomo pokha!"

Mayi Lorraine anaponda tsachelo ndi phazi, nadzipaka fumbi pang'ono pamapewa, nakonza nkhope yawo kuti ioneke ya munthu amene sanadye chiyambire dzulo.

"Mukangosesa, ndikuchotsani ulembi. Tsegulani chitseko, a Wendell. Marlys Klassen sangatipose umphawi ine ndili moyo!"