Zaka Zimene a Masaya Sanalembe

Malemu bambo athu anabadwa pa 9 Juni 1954, achitatu m'banja la ana asanu. Mundipirire anamfedwa, khutu limodzi lili kwa mwana wanga amene ali kumsana kwa azakhali akewo.

Sukulu analekezera Fomu 2. Mu 1972 analowa bandi ya jazi ya pahotela, kumene anzawo anawatcha a Masaya chifukwa cha mmene masaya awo ankafufumira poliza lipenga. Anakwatira mayi athu mu 1990.

Mu 2021 anatulutsa buku la moyo wawo. Iwo ankayankhula, ine ndinkalemba. Olemba nyuzi anayamikira zimene anafotokoza za nyimbo, koma anaona kuti bukulo ladumpha kuchokera 1999 mpaka 2007. Wina analemba kuti mwina mowa unawagwetsa. Wina anati woimba sasowa chonchi pokhapokha ali kundende. Nyuzizo bambo anangoziyala m'bokosi la lipenga. Koma mphekesera sitopa: dzulo ndinaimva ikunong'onedwa kuseri kuno, potsukira makapu.

Ndatopa nazo, choncho zakazo ndi izi. Mu 1999 mayi anafa ziwalo. Bambo anakankhira lipenga kunsi kwa bedi n'kuyamba kusoka nsapato pakhonde kuti asatalikire. Ankawasambitsa mayi, kuwadyetsa, kuwatembenuza kuti asachite zilonda. Tsitsi langa ankaluka ndi iwo, mizere yokhotakhota, anzanga kusukulu n'kumafunsa ngati ndalukidwa ndi nkhuku. Mayi anatisiya mu 2007, ndipo m'pamene lipenga linaliranso.

Polemba bukulo ndinawachonderera kuti tiikemo zimenezi. Anakana, amvekere matenda a mkazi wawo si nyimbo yoimbira anthu. Lero ndaswa lamulo lawo. Akandikalipira tikakakumana.

Mu Januwale chaka chino chifuwa chinawagwira, mpweya n'kuyamba kuchepa. Anamwalira kuchipatala pa 3 Meyi.

Asiya ana awiri, achimwene ndi ine, zidzukulu zitatu ndi mchemwali wawo mmodzi. Tikuthokoza anamwino, anansi athu, ndi woimba ng'oma wa bandi yawo, amene ankabwera kudzawameta ndevu manja atafooka.

Mzimu wawo uuse mumtendere pafupi ndi mayi, amene tsopano sakufunikanso wowatembenuza.